Usafulumire kuyatsa, mphwanga

Mphwanga, ampulifaya yofa imabwera Lachisanu masana ukwati uli Loweruka. Apo ayi imafika Loweruka madzulo itamangidwa pa kabaza, mkulu wa mpingo akuitsatira pambuyo, mawa m'mawa kuli mapemphero. Aliyense wofika pakhomo pa wokonza zokuzira mawu amafika ndi changu, ndipo amafuna akupatsire changucho. Usachilandire. Ampulifaya zambiri zimene ndaziona zitapsa kawiri zinapsera m'manja mwa wokonza amene anabaya pulagi pakhoma asanadziwe chimene chili m'kati. Kaya ntchitoyi unaiphunzira kukoleji kapena pakhonde la mmisiri mumsika, gwira chinthu ichi: chipangizo chimene wachipeza chitapsa kawirikawiri si chimene chinayambitsa vuto. Chapsa chifukwa china chake chachipsereza, ndipo china chakecho chikadali pomwepo, chikudikira chatsopano chimene ukufuna kuikapo.

Choncho usanagwire sikuludiraiva, khazika mwini wake pansi. Safunsa anadya phula. "Bambo, inazima ikuchita chiyani? Inali itayimba nthawi yaitali kapena inangophulika poyatsa? Munamva fungo? Munalumikiza masipika angati mbali imodzi? Magetsi anali apakhoma kapena a jenereta? Alipo wina anaitsegulapo?" Funso lomalizali ambiri amaliyankha mozemba, ndiye ufunse mwaulemu, mosaloza chala. Mayankho akewo amakudulira njira. Ampulifaya imene inafa pakati pa phwando dzuwa likuswa mtengo, masipika anayi ali pa tchanelo imodzi, yakuuza kale kuti ukayang'ane ma transistor akuluakulu a kotulukira mawu. Imene inafa magetsi atangobwera pambuyo pozima ikukulozera ku gawo lolandira magetsi. Imene imayimba n'kumaduka, ukaimenya n'kuyambanso, nthawi zambiri ilibe chopsa chilichonse. Ili ndi polumikizira pomasuka.

Ukatsegula, yamba ndi maso ndi mphuno. Fungo la thiransifoma yopsa ndi losiyana ndi la resistor yopsa, ndipo ukalinunkhiza kamodzi sudzaliiwala. Ona ma capacitor ngati atupa pamwamba kapena atayira madzi pansi. Ona pamene bolodi lada. Ona ngati fani ikuzungulira ukaikankha ndi chala. Kuno kwathu upezamo fumbi la mwezi wa Okutobala litatseka timipata tonse ta heatsink, mphemvu, zisa za mavu, ngakhale nalimata atauma pakati pa miyendo ya transistor. Onanso ntchito ya amene anakutsogolera: solder yatsopano yonyezimira pakati pa yakale ikukuuza pamene iye anagwira, ndipo pamenepo pafunika kukayikiridwa kaye.

Tsopano za moyo wako, ndipo apa sindikufuna unditsutse. Kuzula pulagi sikutanthauza kuti magetsi atha m'bokosimo. Ma capacitor akuluakulu aja amasunga mphamvu. Thiransifoma yotulutsa mavolti 40 mbali iliyonse imapereka mavolti pafupifupi 56 a pulasi ndi 56 a mainasi ikadutsa pa rectifier, kutanthauza kuti pakati pa mawaya awiriwo pali mavolti oposa 110. Ampulifaya zopepuka zamakono, zopanda thiransifoma yolemera ija, zimawongola magetsi apakhoma a mavolti 230 mwachindunji, ndipo capacitor yake yoyamba imakhala ndi mavolti pafupifupi 325. Amenewo amapha munthu. Pima ndi mita usanakhudze. Potsitsa mphamvuyo gwiritsa resistor ya ma ohm 1,000 ya mawati 5 kapena 10 pa ampulifaya ya thiransifoma, yaikulu kuposa pamenepo pa capacitor ya mavolti 325, ndipo dikira mpaka mita ionetse kuti zatha. Usagunditse sikuludiraiva pa miyendo ya capacitor monga amachitira ena; moto umene umathethekawo umadya njira za pabolodi ndi kufooketsa capacitor yomweyo. Popima ampulifaya ili moyo, vula wotchi ndi mphete, vala nsapato, ndipo dzanja limodzi likhale kutali ndi chitsulo cha bokosi. Ukatha ntchito samba m'manja ndi sopo usanagwire nsima, pakuti solder yambiri imene timagula ili ndi mtovu.

Fyuzi yopsa ili ndi nkhani yake. Ikangoduka kawaya kam'kati galasi lili loyera, mwina inangotopa kapena inalemedwa pang'onopang'ono. Galasi likada bii, m'kati muli shoti yeniyeni. Mulimonsemo, kuika fyuzi ina n'kuyatsa kuti "tione" si kupima ayi. Ndipo amene amakulunga waya wa kopa kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya pamalo pa fyuzi wasankha kuti m'malo mwa kachipangizo kotchipa kupse thiransifoma, kapena nyumba ya munthu. Bwezera fyuzi ya ma ampeya amene alembedwa pabokosi. Ikakhala ndi chilembo T, ndi yochedwa kuduka, yopangidwa kuti ipirire kukoka kwa thiransifoma poyatsa. Ukaikapo yofulumira idzapsa popanda vuto lililonse.

Kupima kwenikweni kumayamba ampulifaya ili yozima. Ika mita pa chizindikiro cha diode. Tenga ma transistor a kotulukira mawu, amene amangidwa pa heatsink. M'ampulifaya zambiri za m'matchalitchi ndi za obwereketsa zoimbira upeza 2SC5200 ndi mnzake 2SA1943, woyambayo NPN, wachiwiriyo PNP. M'zakale upeza 2N3055 kapena MJ15003 ndi MJ15004 za chitsulo zija. Pa 2SC5200, zolemba zikuyang'ana iwe miyendo ili pansi, kumanzere ndi base, pakati collector, kumanja emitter. Pa NPN, waya wofiira wa mita ukhale pa base, wakuda pa collector kenako pa emitter: uwerenge pakati pa 0.5 ndi 0.7. Pa PNP tembenuza mawaya. Pakati pa collector ndi emitter pasakhale njira. Mita ikalira pamenepo, transistor yachita shoti. Koma chenjera: ma transistor amenewa amalumikizidwa angapo mogundizana, ndiye imodzi ikachita shoti onse amaoneka ngati afa. Masula mwendo kapena uichotse pabolodi, upime iliyonse payokha. Ukakhala ndi mwayi woti tchanelo imodzi ili bwino, wapeza mphunzitsi waulere: pima malo omwewo mbali yamoyo ndi mbali yakufa, ndipo pamene manambala asiyana ndi pamene pali nkhani.

Apa ndi pamene anyamata ambiri amaimira. Apeza 2SC5200 ziwiri zakufa, athamangira kumsika, aika zatsopano, ayatsa, phuu! Chifukwa chake n'chakuti m'ampulifaya yotere magawo onse, kuyambira polowera mawu mpaka kotulukira, ndi olumikizana mwachindunji popanda capacitor yowalekanitsa. Transistor yaikulu ikachita shoti, mavolti onse 56 aja amabwerera kudzera pa base n'kukagunda transistor yoikankha, imene timaitcha driver. Driver ikafa, imatha kupha ya m'mbuyo mwake. Nthawi zina imfa imayambira kumbuyoko n'kumabwera kutsogolo. Ndiye ukapeza yaikulu yafa, bwerera m'mbuyo sitepe ndi sitepe mpaka ufike pamene chilichonse chikupimika bwino. Pima ma resistor oyera aja a ma ohm 0.22 kapena 0.33 amene ali pa emitter ya transistor iliyonse. Amaduka m'kati kunja akuoneka abwinobwino, ndipo imodzi ikaduka, transistor yake imapuma anzake n'kusenza katundu wonse. Pima ma resistor ang'onoang'ono a pa base. Pima ma driver, ndipo ine ndimawasintha ngakhale mita inene kuti ali bwino, chifukwa mita imapima ndi mavolti awiri kapena atatu okha, pamene transistor yovulala imaonetsa kufooka kwake ikakumana ndi mavolti 50. Pima ma diode ndi ma zener onse a m'derali. Koposa zonse, pima ka transistor kakang'ono kamene kamangidwa pa heatsink pakati pa akuluakulu, pamodzi ndi ka resistor kopotokola kali pafupi nako. Awiri amenewa ndiwo amalamula bias, magetsi ochepa amene amadutsa m'ma transistor akuluakulu ampulifaya ili chete. Akaduka, ma transistor a pulasi ndi a mainasi amatseguka nthawi imodzi, magetsi n'kudutsa kuchokera kumwamba mpaka pansi popanda chowaletsa. Atsopano ako amafa usanachotse chala pa switchi.

Chida chimene ndingakonde ukhale nacho usanagule china chilichonse chodula ndi babu. Babu lakale lija la kawaya m'kati, la mawati 60 kapena 100. Dula waya wamoto wa chingwe cholumikizira, uike babulo pakati, kuti magetsi opita ku ampulifaya azidutsa kaye m'babu. Uzimange bwino pathabwa, ndi soketi yake, popanda waya wapoyera. Mababu a LED ndi osunga magetsi aja sagwira ntchito imeneyi, ndipo popeza akalewo akusowa m'masitolo, ukawapeza gula angapo usunge. Ukayatsa ampulifaya yabwino kudzera m'babu, limawala kamodzi pamene ma capacitor akudzaza, kenako limazirala n'kutsala kofiira pang'ono kapena kuzimiratu. Likawala n'kukhalabe lowala, shoti ikadalipo, koma babu lamwa mphamvu imene ikanapsereza zipangizo zako. Zima, ubwerere kukapima. Likazirala kenako n'kumawala pang'onopang'ono pamene mphindi zikupita, bias ikuthawa. Poyatsa koyamba usalumikize sipika ngakhale imodzi, voliyumu ikhale pansi. Ampulifaya yaikulu kwambiri imafuna babu lokulirapo kapena awiri ogundizana, ndipo zina za magetsi amakono zija zimakana kudzuka zili pababu. Koma pa za thiransifoma, zimene ndi zochuluka pabenchi pathu, usayatse chimene wangokonza popanda babu.

Babu likakhala lowala ngakhale ma transistor onse ali bwino, lekanitsa gawo la magetsi ndi gawo la mawu. Chotsa mawaya a pulasi ndi mainasi opita kubolodi. Likawalabe, vuto lili ku rectifier, ku ma capacitor kapena ku thiransifoma. Masulanso mawaya a thiransifoma opita ku rectifier. Likawalabe thiransifoma ili yokha, mawaya ake agundana m'kati ndipo ikufunika kukulungidwanso kapena kusinthidwa. Kugawa vuto pakati motere, n'kugawanso theka lotsalalo, kumafikitsa msanga kusiyana ndi kuzula zipangizo mwachisawawa.

Babu likazirala, usathamangire nyimbo. Pima mavolti a pulasi ndi a mainasi. Akhale ofanana kapena osiyana pang'ono chabe. Kenako ika mita pa DC, uigwiritse pamene pamalowa mawaya a sipika. Ampulifaya yathanzi imaonetsa pafupi ndi ziro, ma millivolt makumi ochepa. Ikapitirira 100, pali chofufuza. Ukapeza mavolti 20, 40 kapena onse 56, sipika imene ungalumikize pamenepo ipsa koyilo m'kanthawi kochepa. Ngati pali relay, pima mbali ya bolodi relay isanafike, chifukwa ikakhala yotseguka kunja uwerenga ziro yonama. DC yotere, akuluakulu ali bwino, kawirikawiri imachokera kutsogolo: timatransistor tiwiri tofanana ta polowera mawu, kamodzi katafooka, resistor ya feedback yoduka, capacitor yaing'ono ya panjira yomweyo imene yayamba kudontha, kapena zener imene yasiya kugwira mavolti ake.

Relay imeneyi ndiitchulenso. Ampulifaya ikayaka nyali ya protect n'kukana kutulutsa mawu, nthawi zambiri dera loteteza likugwira ntchito yake: laona DC, kutentha kapena shoti, ndipo lakana kupereka masipika kumoto. Alipo okonza amene amalumphitsa waya pa relay, mawu n'kutuluka, mwini wake n'kulipira akusekerera. Sabata yotsatira masipika a mpingo, amene amayi a chigwirizano anasonkhera chaka chathunthu, apsa onse. Zimenezo usadzachite, ngakhale mwini wake akuchonderere. Ukatsimikiza kuti kotulukira kulibe DC ndipo palibe chotentha, pamenepo ukhoza kukayikira dera lotetezalo: ka capacitor kochedwetsa relay kamauma, ka transistor koikoka kamafa, koyilo ya relay imaduka. Konza chimenecho, chitetezo chibwerere.

Bias uitchere modekha. Usanayatse koyamba, potokola ka resistor kaja kufika mbali imene ikupereka bias yochepetsetsa. Zonse zikaoneka bwino pababu, lichotse, chifukwa babu limatsitsa mavolti ndipo chimene ungatchere lili pamenepo chidzakwera ukalichotsa. Ika mita pa ma millivolt, uigwiritse mbali ziwiri za resistor imodzi ya pa emitter, popanda sipika, popanda nyimbo. Masamu ake ndi a Ohm basi: ma millivolt 11 pa resistor ya 0.22 ndiye kuti pakudutsa ma milliamp 50. Nambala yoyenera ili m'buku la ampulifayayo, ndipo mabuku ambiri otere amapezeka pa intaneti ukalemba dzina ndi nambala yake. Ndalama ya bandulo ya intaneti ndi yochepa poyerekeza ndi transistor imodzi. Ukatchera, dikira mphindi 15 kapena 20 itenthe, upimenso, ukonzenso. Bias ikachepa, mawu apansipansi amamveka okhakhala. Ikachuluka, heatsink imatentha ampulifaya ili chete, ndipo transistor ikatentha imakoka magetsi ambiri, n'kutenthanso, mpaka kufa. N'chifukwa chake ka transistor ka bias kaja kayenera kukhudza heatsink bwinobwino, kuti kazimva kutentha n'kumabweza. Ukakasiya kali lende pambuyo pokonza, ampulifaya idzayimba bwino pabenchi n'kukafera kuukwati. Pimanso ma resistor onse a pa emitter mmodzimmodzi: manambala akhale oyandikana. Imodzi ikaonetsa ziro, transistor yake sikugwira ntchito. Ikaonetsa kawiri kuposa anzake, ndiyo idzayambe kufa.

Kumsika nakonso kuli msampha. 2SC5200 yeniyeni ya Toshiba inapangidwa kupirira mavolti 230, ma ampeya 15 ndi mawati 150. Zambiri zogulitsidwa ndi dzina lomwelo ndi zachinyengo: kunja n'zofanana, pa mita zimapimika bwino, koma m'kati muli kachidutswa ka silicon kakang'ono kosayenera ntchitoyo. Zimayimba voliyumu ili pansi, bezi ikagunda zimafa. Ukagula kwa wogulitsa watsopano, pereka imodzi nsembe: iphwanye ndi pulayala, uphwanyenso yakufa imene wachotsa m'ampulifaya ya kufakitale, uyerekeze kukula kwa kachidutswako. Zolemba zofufutika ndi chala ndiponso mtengo wotsika modabwitsa ndi zizindikiro zina. Ukapeza wogulitsa zenizeni, mugwiritse, ngakhale akhale wodula. Njira ina yabwino ndi kusunga ampulifaya zakale zosakonzeka. Ma transistor amoyo ochotsedwa mmenemo ndi odalirika kuposa atsopano osadziwika kochokera. Ndipo tchanelo imene yapsa, sintha akuluakulu onse a mbali imeneyo ndi a mtundu umodzi, osasakaniza otsala ovulala ndi atsopano. Chimodzimodzinso ma IC monga TDA2030, TDA7294, LM3886 ndi ma STK a Sanyo a m'mawailesi akale a m'nyumba: achinyengo ake ndi ochuluka, makamaka ma STK, amene anasiya kupangidwa kalekale koma m'masitolo sakutha.

Pomanga, pukuta mafuta oyera akale, upake atsopano mopyapyala. Kapepala ka mica kapena ka labala kamene kali pakati pa transistor ndi heatsink kaunike padzuwa. Kakang'ambika kasinthe, chifukwa msana wa ma transistor ambiri ndi collector, ndipo uli ndi mavolti onse. Ukamanga, pima ndi mita pakati pa collector ndi heatsink kuti pasakhale njira. Manga sikuluu kaye, kuwotcherera miyendo pambuyo, kuti solder isakhale yokokeka.

Si ampulifaya zonse zimabwera zitapsa. Ina imangong'ung'udza. Zula zingwe zonse zolowetsa mawu, tsitsa voliyumu. Kung'ung'udza kukatha, vuto lili kunja: chingwe choduka shilidi, kapena mikisa ndi ampulifaya zili pa masoketi osiyana. Kukapitirira, kayikira ma capacitor akuluakulu kapena polumikizira pawo. Khutu lizolowere kusiyanitsa: kulira kwa magetsi athu ndi kwa 50 Hz, kozama, kwa ma capacitor ouma ndi kwa 100 Hz, kokwererapo ndi kokalipa. Ndipo usathetse kung'ung'udza podula waya wa earth papulagi. Waya ameneyo ndi amene amaima pakati pa shoti ya m'bokosi ndi milomo ya munthu wogwira maikolofoni.

Ina imayimba n'kumaduka. Tenga chogwirira cha pulasitiki, uzigogoda bolodi pang'onopang'ono nyimbo ikulira, upeze pamene pakuyankha. Tembenuza bolodi, uyang'ane ndi galasi lokuza: solder yosweka imaoneka ngati kamphete kozungulira mwendo, makamaka pa zipangizo zolemera ndi zotentha, ndiponso pa masoketi amene amakokedwa tsiku ndi tsiku. Ampulifaya zathu zimayenda pa malole ndi pa njinga m'misewu ya mabampu, ndiye matenda amenewa ndi ofala. Tchanelo imene imasowa voliyumu ili pansi n'kubwerera ukakweza, kawirikawiri ndi relay yakuda m'kamwa. Voliyumu yokhwekhwereza imafuna mankhwala otsukira polumikizira, osati mafuta a makina. Pamene mawu asowa kapena akhakhala koma mavolti onse ali bwino, lowetsa kulira kumodzi kosasintha kuchokera pafoni, utsate njira yake gawo ndi gawo ndi kasipika koyesera kokhala ndi ampulifaya yakeyake, capacitor ili kutsogolo kwa waya wogwirira kuti itseke DC. Pamene mawu alowa bwino n'kutuluka oipa, waima pakhomo pa vuto. Pali vuto linanso losamveka ndi khutu: heatsink ikutentha, bias ili bwino, ndipo resistor ya ma ohm 10 imene ili ndi ka capacitor pafupi ndi kotulukira yapserera. Ampulifaya imeneyo ikudziimbira yokha pamwamba pa pamene khutu limamva. Funafuna timacapacitor tating'onoting'ono ta pa ma driver, earth yomasuka, kapena transistor ya mtundu wina imene wina anaikamo.

Zing'onozing'ono za class D, monga timabolodi ta TPA3116 timene tadzaza m'mabokosi a batire ndi sola, nthawi zambiri kusintha bolodi lonse kumatchipa kuposa nthawi yako. Za m'galimoto zimene anthu amaimbira pa batire ya mavolti 12 kumudzi zimafa kwambiri ndi kutembenuza mawaya a batire. Yamba ndi diode ya polowera ndi ma MOSFET a gawo lokweza magetsi.

Ukatha zonsezi, ntchito sinathe, pakuti wopha ampulifaya nthawi zambiri sanabwere nayo. Watsala kutchalitchi, kumzikiti kapena kunyumba ya mwini zoimbira. Sipika ya ma ohm 8 ikakhala yokha, ampulifaya imapuma bwino. Ziwiri zogundizana ndi ma ohm 4. Zinayi ndi ma ohm 2, ndipo magetsi odutsa m'ma transistor achuluka kanayi. Zili ngati ng'ombe ziwiri zomwe zija pa ngolo imene mwini akungowonjezera matumba: ziyenda ndithu, koma pachitunda zigwa. Ona kumbuyo kwa bokosi chimene opanga analemba. Ikaikidwa pa bridge, tchanelo iliyonse imaona theka la katunduyo, ndiye sipika ya ma ohm 4 pa bridge ili ngati ma ohm 2. Uza mwini wake abweretse masipika ndi zingwe zake, kapena upite wekha ukaone. Sipika ya ma ohm 8 imaonetsa pafupifupi 6 pa mita. Ikaonetsa 2 kapena 3, koyilo yake yapserera ndipo ipha ampulifaya iliyonse imene ingaikidwepo. Kankha pepala lake mofatsa ndi zala, umve ngati likukhula. Tsata chingwe chonse, chifukwa polumikiza popotokola ndi manja n'kukulunga pepala la pulasitiki ndi pamene mawaya amagundana wina akapondapo.

Umufotokozerenso za nyali yofiira ya clip. Ikamayaka kosalekeza, ampulifaya yafika pamapeto a mphamvu zake, mawu akudulidwa nsonga, ndipo ma tweeter ndiwo amayamba kupsa. Kukweza kupitirira pamenepo sikuwonjezera kumveka, kumangowonjezera kutentha. Za jenereta: ilire kaye, ikhazikike, kenako alumikize zoimbira, asathire mafuta kapena kuizimitsa ampulifaya ili yoyaka, ndipo ikayamba kutsokomola mafuta akutha, azime ampulifaya msanga. Poyatsa, ampulifaya ikhale yomaliza. Pozimitsa, ikhale yoyamba. Magetsi akazima azule pulagi, ayibwezere atabwera n'kukhazikika. Asaiphimbe ndi nsalu yokongoletsa, asaiike padzuwa, ndipo fumbi alipemerere kunja nthawi ndi nthawi. Zimenezi uzinene kwa mnyamata amene amakhala pa mikisa, osati kwa abusa kapena abwana okha, pakuti dzanja limene limagwira voliyumu ndi lake.

Isanachoke pabenchi pako, iyese ndi katundu weniweni. Resistor yaikulu ya ma ohm 8 yomangidwa pachitsulo imakulola kuikankha popanda kusokoneza anansi. Lowetsa kulira kwa 100 Hz kapena 400 Hz, pamene mita wamba imawerenga AC molondola, upime kotulukira: mavolti 20 pa ma ohm 8 ndi mawati 50, mavolti 28 ndi pafupifupi mawati 100. Pamenepo udziwanso mphamvu yake yeniyeni, yosiyana ndi masauzande a PMPO olembedwa pakatoni. Isiye iyimbe ola lathunthu kapena kuposa, uzikhudza heatsink mbali zonse ziwiri, kenako upimenso DC ndi bias. Lemba m'kabuku kako dzina la ampulifaya, mavolti amene wapeza, ndi zimene wasintha; tsiku lina idzabwera inzake yofanana nayo matchanelo onse awiri atafa, ndipo manambala amenewo ndiwo adzakhale tchanelo yako yamoyo.

Mtengo uunene usanayambe kugula zipangizo, utatha kupima, ndipo zakufa zonse uzimubwezera mwini wake m'kajumbo. Bolodi likapserera mpaka kusanduka khala, muuze zoona kuti khala limadutsa magetsi ndipo kukonza pamenepo n'kutaya ndalama. Akakana kusintha sipika yopserera kapena kuchepetsa masipika pa tchanelo, usakangane naye. Lemba palisiti chimene wapeza ndi chimene wamulangiza, umuwerengere pamaso pa amene wabwera naye, ndipo umuuze kuti ikapsanso ili pa masipika omwewo, zipangizo adzagulanso yekha.